Kodi ndondomeko yolimbikitsa anthu kulimbitsa thupi ingagwire ntchito kwathu kuno ku nyanja?

Mlembi wa ADC, Salima

Moni kwa nonse. Ine ndine mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'dera la mfumu yaikulu ina muno m'boma la Salima, imene ambiri timangoitchula kuti ADC, ndipo ina mwa ntchito zathu ndi kusonkhanitsa zofuna zochokera m'makomiti a m'midzi kuti zikafike ku khonsolo pamene akukonza ndondomeko ya chitukuko. Mwa mfundo za zaumoyo zimene zikumveka kwambiri masiku ano pali yakuti boma lipeze njira zolimbikitsira anthu onse kuchita masewera olimbitsa thupi, n'cholinga chochepetsa matenda osapatsirana monga kuthamanga kwa magazi, shuga ndi matenda a mtima.

Mfundo imeneyi siinayambire kwathu kuno. M'chaka cha 2018 mayiko amene ali m'bungwe la zaumoyo la WHO, kuphatikizapo Malawi, anavomereza ndondomeko ya zaka za 2018 mpaka 2030, imene cholinga chake ndi kuchepetsa ndi 15 peresenti chiwerengero cha anthu amene sagwiritsa ntchito matupi awo mokwanira. Kenaka mu 2020 bungwe lomwelo linatulutsa malangizo akuti munthu wamkulu azichita zinthu zotenthetsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo mwana wa zaka 5 mpaka 17 azitero kwa mphindi pafupifupi 60 tsiku lililonse.

Pamene ndagwira njakata ndi apa. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mwa Amalawi 100 aliwonse, 84 amakhala kumidzi, ndipo anthu amene ine ndimawaimira ndi omwewo. Mayi wa m'dera langa amalawira ku munda kusanache, akaweruka amakatunga madzi, amakatola nkhuni, kenaka amasenza thumba la chimanga kupita nalo ku chigayo. Msodzi amapalasa bwato usiku wonse ndipo m'mamawa amakoka khoka. Kodi ndingaimirire pamaso pa anthu oterewa, mafumu ali pomwepo, n'kunena kuti boma likufuna kuti muzilimbitsa thupi? Zimene makomiti a m'midzi amapempha chaka ndi chaka ndi mijigo, milatho, zipinda zophunziriramo ndi nyumba za aphunzitsi, ndipo ndalama zimene zimabwera sizikwana ngakhale zimenezo.

Ndiye funso langa ndi lakuti, kodi nkhaniyi ndi ya anthu a m'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre okha, kapena pali kanthu kamene ife a ku Salima ndi anzathu a ku Nkhotakota tiyenera kuika m'ndondomeko zathu? Ngati kalipo, n'chiyani kwenikweni? Ndikupempha maganizo amene ndingawalembe pa pepala ndi kuwateteza pamaso pa makhansala.

Wachipatala wa ku Nkhotakota

Alembi, mwafunsa funso loyenera, ndipo mbali imodzi ziwerengero zikugwirizana nanu. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009, pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64, anapeza kuti ndi munthu mmodzi yekha mwa 10 aliwonse amene sankagwiritsa ntchito thupi mokwanira. Yerekezani ndi dziko lonse lapansi, kumene WHO inapeza kuti mu 2022 akuluakulu 31 mwa 100 aliwonse sankafika pa mlingo wofunikawo. Choncho Amalawi ambiri, makamaka a kumidzi, safunika kuuzidwa kuti adzuke ayende. Koma kafukufuku yemweyo wa 2009 anapezanso kuti munthu mmodzi mwa atatu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, pafupifupi 6 mwa 100 anali ndi shuga, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe kuti akudwala.

Pa chifukwa chimenechi ndimaona kuti ndondomeko ya kwathu kuno iyenera kuyang'ana anthu amene akusiya kuyenda, ndipo anthu amenewa si a ku Lilongwe okha. Bwerani pa tsiku la kiliniki ya kuthamanga kwa magazi (BP) ndi shuga mudzaone amene amakhala pa benchi. Mudzapeza aphunzitsi, eni magolosale, madalaivala a minibasi, abusa, mafumu, amayi ogulitsa nsomba pa msika, ndiponso achinyamata a kabaza wa njinga zamoto. Taganizirani tsiku la mayi wochita geni ya usipa amene zinthu zayamba kumuyendera. Kale ankayenda wapansi kuchokera kunyumba kupita ku doko, dengu lili pamutu. Lero amaimbira foni wa njinga yamoto, amakafika ku thandala, amakweza matumba, n'kukakhala pa mpando pa msika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, akudya mandasi ndi zakumwa zotsekemera chifukwa nthawi yophika alibe. Palibe cholakwa chimene wachita, ndipo tonse timafuna kuti geni yake ikule. Koma thupi limene linazolowera kuyenda maola angapo pa tsiku tsopano langokhala, pamene chakudya chachuluka, ndipo pakapita zaka zingapo timamuona akubwera ndi mutu wosatha, miyendo yotupa kapena dzanja lofooka. Kusintha kumeneku kukuchitika pa Kamuzu Road, pa Chipoka, pa Dwangwa ndi pa boma pa Nkhotakota, paliponse pamene malonda akukula.

Pali chinanso chimene ndikufuna muchiganizire, chokhudza alimi ndi asodzi amene mwawatchulawo. Ntchito yolemetsa siyofanana kwenikweni ndi masewera olimbitsa thupi. Ofufuza a ku Copenhagen m'dziko la Denmark anafalitsa mu 2021 zotsatira zoonetsa kuti anthu amene amagwira ntchito yakalavulagaga tsiku lonse sapeza phindu la mtima lofanana ndi la anthu amene amalimbitsa thupi pa nthawi yawo yopuma. Chifukwa chimene amapereka n'chakuti ntchito yotere imatenga maola ambiri popanda kupuma kokwanira, munthu amawerama kapena kunyamula katundu mobwerezabwereza, ndipo magazi amakhala akuthamanga nthawi yaitali. Anthu a ku Denmark si alimi a ku Bua, ndiye tisakokere zotsatirazo patali, komabe zikutichenjeza kuti tisamaganize kuti aliyense wogwira khasu ndi wotetezeka. Komanso ntchito ya kumunda imayendera nyengo. Bambo amene amakhetsa thukuta kuyambira Novembala mpaka kukolola akhoza kukhala pa bawo chilimwe chonse.

Ndikuchenjezeninso kuti musakalonjeze anthu kuti akamayenda ndiye kuti BP yatha. Mchere wambiri, mowa, fodya, kunenepa, ukalamba ndi chibadwa cha ku mtundu zonsezi zimathandizira vutoli. WHO imalangiza kuti munthu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, kumene ndi kasupuni kakang'ono kamodzi, ndipo ife a ku nyanja timadya nsomba zouma zothira mchere n'kuwonjezeranso wina m'ndiwo. Kulimbitsa thupi ndi mbali imodzi chabe, ngakhale kuti ndi mbali yotsika mtengo kuposa zonse.

Chimene ine ndingalembe m'ndondomeko yanu ndi chakuti paliponse pamene anthu asonkhana kuti asewere kapena kuvina, pakhale mlangizi wa zaumoyo ndi makina oyezera BP. Makinawo ndi ang'onoang'ono, amayendera mabatire, ndipo munthu akaona nambala yake ndi maso amamvetsa msanga kusiyana ndi kumulalikira. Uthenga wake ukhale wosavuta: kuyenda ndawala kwa mphindi 30 masiku 5 pa sabata kumakwanitsa mphindi 150 zija, ndipo mlingo wake ndi wakuti munthu azitha kuyankhula koma azilephera kuimba nyimbo. Kuno kumatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, choncho nthawi yake ndi m'mamawa kapena chakumadzulo, madzi akumwa ali pafupi. Agogo a zaka 65 kupita m'tsogolo amalangizidwanso kuchita zolimbitsa miyendo ndi zothandiza kuti asamadzandire masiku atatu pa sabata, chifukwa okalamba ambiri amene amathyoka chiuno sadzukanso bwinobwino. Aliyense amene amamva kupweteka pa chifuwa kapena kubanika akayenda pang'ono ayambe wafika ku chipatala.

Mlimi wa mpunga, ku Bua

Adokotala, ndawerenga zonse mwaulemu, ndipo za mayi wa usipa uja sindikutsutsa. Koma ndilankhuleko ngati munthu amene waona misonkhano yambiri ya chitukuko, chifukwa mantha anga ali pa mmene nkhani zotere zimathera zikafika pa ndalama.

Nthawi zambiri zimayenda chonchi. Pamasankhidwa tsiku limodzi pa chaka, pamasindikizidwa matisheti ndi zipewa, pamabwera zoimbira, akuluakulu amayenda kamtunda pang'ono kutsogolo kwa makamera, kenaka amakwera magalimoto awo pamene ana a sukulu akupitiriza ulendo pa dzuwa. Madzulo anthu amasainira maalawansi, ndipo lipoti limalembedwa lakuti anthu alimbikitsidwa. Alembi, ngati mukalemba mawu akuti kulimbikitsa anthu osafotokoza chimene chidzatsale pa malopo mwambo ukatha, dziwani kuti ndalama zimene zikanakumba mjigo zidzathera pa zimenezi.

Chachiwiri, tisaiwale njala. Mu Januwale ndi Febuluwale mabanja ambiri amadya kamodzi pa tsiku, ndipo ndi miyezi yomweyo imene timakhala m'matope tikuwokera mpunga. Munthu wotere safunika kuwonjezera ntchito ya thupi, amafunika chakudya ndi mpumulo. Sindikufunanso kumva wina akunena kuti mayi woyenda mtunda wautali kukatunga madzi akulimbitsa thupi, ngati kuti ndi mwayi. Kumeneko ndi kuvutika, ndipo khosi ndi msana wake zimachitira umboni akamakalamba. Mjigo ubwere pafupi, chigayo chibwere pafupi, ndipo ngati zimenezi zichepetsa kuyenda kwake, zichepetse ndithu.

Chachitatu ndi maganizo a anthu, amene sangasinthe ndi chikalata. Kumudzi kuno munthu wamkulu akamathamanga popanda chomuthamangitsa, anthu amatuluka m'nyumba kufunsa chimene chagwa. Kunenepa timakutenga ngati chizindikiro cha kupeza bwino, ndipo kuyambira zaka zimene Edzi inatha anthu, munthu akaonda mwadzidzidzi anzake amayamba kunong'onezana. Akuluakulu enafe timakumbukiranso nthawi ya a Payoniya, gulu limene linathetsedwa mu 1993, pamene maperete ndi kuthamanga zinkayendera limodzi ndi chikakamizo. Chilichonse chooneka ngati lamulo lochokera kumwamba anthu adzachilandira ndi nkhope ziwiri.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene ndingavomereze kuti chilowe m'ndondomeko popanda kukangana, ndicho malo oyendamo anthu apansi ndi a njinga m'mbali mwa misewu. Ine mpunga wanga ndimanyamula pa njinga yakapalasa, ndipo aliyense amene anapalasapo pa msewu wa M5 akudziwa mmene zimakhalira pamalo opapatiza lole yonyamula shuga ikamabwera kumbuyo, ina ikuchokera kutsogolo. Umangodzigwetsera kutchire pamodzi ndi katundu. Anthu ambiri amene ndikuwadziwa anasiya njinga n'kuyamba kulipira kabaza wa njinga yamoto, ena chifukwa cha changu, koma ena chifukwa cha mantha. Makolo amene angathe salolanso ana kupalasa popita ku sukulu. Mukafuna kuti anthu apitirize kuyenda ndi kupalasa, yambani mwaonetsetsa kuti sagundidwa.

Mphunzitsi wa pulayimale, Chipoka

Bambo a ku Bua anena zoona pa za mwambo wa tsiku limodzi, ndipo n'zochititsa chidwi kuti mfundo yawo ya misewu ili m'kati mwa ndondomeko ya WHO ija, imene mbali yake imodzi mwa zinayi ikunena za kukonza malo kuti anthu azitha kuyenda, kupalasa ndi kusewera mosaopa. Ndikuwapempha komabe kuti asatseke khomo lonse, chifukwa pali gulu limene onse awiri, iwo ndi adokotala, sanalikhudze mokwanira, ndilo la ana.

Pa pepala, ana athu ali ndi nthawi yolimbitsa thupi. Ku pulayimale masewera anaphatikizidwa ndi nyimbo, magule ndi luso la manja m'phunziro limodzi la Expressive Arts. Koma lowani m'kalasi muone. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 ana anachuluka kuposa aphunzitsi ndi zipinda, moti mphunzitsi mmodzi kukhala ndi ana oposa 100 si zachilendo. Kutulutsa gulu lotere pa bwalo ndi mpira umodzi wophulika ndi ntchito yaikulu, ndiye ambiri amangolemba pa bolodi malamulo a mpira ana n'kukopera m'makope. Akafika Sitandade 8, nthawi iliyonse yopezeka imapita ku masamu ndi Chingerezi chifukwa cha mayeso. Mipikisano ya masukulu ilipo ndipo ndi yabwino, koma imasankha anyamata 11 ndi atsikana 7 odziwa kale, pamene mazana otsalawo amangoimirira m'mbali kuchemerera. Atsikana ambiri amasiyiratu kusewera akangotha msinkhu, ena chifukwa cha manyazi, ena chifukwa sukulu ilibe chimbudzi chabwino kapena posinthira. Vutoli si lathu lokha, pakuti WHO inapeza kuti pa dziko lonse achinyamata pafupifupi 4 mwa 5 aliwonse a zaka 11 mpaka 17 safika pa mphindi 60 zija, ndipo atsikana ndi amene amatsalira kwambiri.

Chomvetsa chisoni n'chakuti masewera amene amatenthetsa thupi la mwana aliyense tili nawo kale ndipo safuna ndalama. Fulaye amafuna kampira ka mapepala ndi botolo lodzazamo mchenga, jingo amafuna chingwe, chipako sichifuna kanthu. Kalasi ya ana 100 ikhoza kugawidwa m'magulu khumi ndipo aliyense n'kutuluka thukuta. Chimene chikusowa ndi nthawi yotetezedwa pa ndandanda ya maphunziro ndiponso bwalo. Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo, bwalo linkachepa chaka ndi chaka. Wina analima mizere iwiri ya chinangwa m'mphepete, chaka chotsatira inakhala isanu, kenaka kumbuyo kwa golo kunamera maziko a okala, ndipo pamene komiti ya sukulu inkadandaula panalibe pepala lililonse loonetsa pamene malire anali. Bwalo likapita silibwereranso, ndipo m'matauni ang'onoang'ono a m'mbali mwa nyanja, kumene malo akukwera mtengo chifukwa cha malo ogona alendo ndi masitolo, mabwalo akupita msanga.

Alembi, mukasiyanitsenso pakati pa masewera a akatswiri ndi kulimbitsa thupi kwa anthu wamba, chifukwa pa misonkhano anthu amasakaniza ziwirizi. Bwalo la Bingu ku Lilongwe, limene linatsegulidwa mu 2017, komanso malo ena amene anamangidwira masewera a achinyamata a Region 5 mu 2022, ndi zinthu zonyaditsa dziko, monganso mmene ma Queens anatinyaditsira pogonjetsa New Zealand pa masewera a Commonwealth mu 2018. Koma pa sitediyamu amasewera ndi anthu 22 pamene zikwi zakhala pansi. Khansala akamva za masewera amaganiza za chikho cha mpira chokhala ndi dzina lake, ndipo inu muyenera kumukokera ku funso lakuti ndi anthu angati amene adzatuluke thukuta.

Za mwambo wa tsiku limodzi, mayiko ena anaupeza mankhwala ake pouchita kukhala chizolowezi. Mzinda wa Bogotá ku Colombia unayamba mu 1974 kutseka misewu ina kuti anthu aziyenda ndi kupalasa njinga, ndipo mpaka lero zimachitika Lamulungu lililonse. Ku Kigali m'dziko la Rwanda anayamba zofananazo mu 2016, ndipo amazichita kawiri pa mwezi m'mawa wa Lamulungu, anthu n'kumayezedwanso BP ndi shuga pamalo pomwepo, monga adokotala anenera. Sindikunena kuti titseke msewu wa M14 kapena M5, pakuti tilibe misewu ina yopatukira, ndiponso kusankha tsiku kuno n'kovuta chifukwa Lachisanu ndi la Asilamu, Loweruka ndi la a Seventh Day ndipo Lamulungu ndi la mipingo ina. Chimene tingatengeko ndi chakuti kanthu kakang'ono kochitika sabata iliyonse, pa malo odziwika ndi pa ola lodziwika, anthu amakazolowera mpaka amasiya kudabwa munthu wamkulu akamathamanga.

Wina akhoza kufunsa za kusambira, poti nyanja tili nayo. Kuphunzitsa ana kusambira n'kofunika chifukwa kumapulumutsa moyo, koma malo ake asankhidwe mosamala, pakuti m'madambo ndi m'mabango momwe madzi sayenda muli nkhono zofalitsa likodzo, ndipo kumathiriro a mitsinje kumapezeka ng'ona ndi mvuu.

Mayi wa banki m'khonde, Senga Bay

Abambo nonse mwalankhula bwino, koma ndikuona kuti amayi mwatitchula ngati odwala kapena ngati ovutika, osati ngati anthu amene tili kale ndi magulu okumana sabata iliyonse. Gulu la banki m'khonde limakumana pa tsiku lake mosaphonya, chifukwa wojomba amalipira chindapusa. Amayi a mvano, a chigwirizano, a dawa ndi makwaya nawonso amakumana. Aphunzitsi akufuna chinthu chochitika pa malo odziwika ndi pa ola lodziwika, ndipo chinthucho ndi chimenechi. Palibe chifukwa choyambitsa makalabu atsopano amene adzafe ndalama za polojekiti zikadzatha.

Komanso mayi wa zaka makumi asanu simungamuveke buluku n'kumuuza kuti azithamanga mu msewu, chifukwa mawa lake mudzi wonse udzakhala ukumunena, ndipo mwina bambo a kunyumba sadzalola. Koma mayi yemweyo, atamanga chitenje chake, akhoza kuvina chimtali kapena chioda kwa ola lathunthu mpaka bulauzi kunyowa, ndipo palibe amene angamuseke. Abambo nawo ali ndi malipenga, mganda ndi beni, magule ofuna mphamvu ndi kukonzekera kwa masabata ambiri. Ndimadabwa kuti magule amenewa timawakumbukira pokhapokha kukabwera mlendo wolemekezeka, amayi n'kudikirira pa dzuwa theka la tsiku kuti avine mphindi zisanu. Ngati adokotala akufuna malo oikapo makina awo a BP, abwere pamene gulu lamaliza kuponya masheya, ng'oma ziyambe, ndipo iwo ayeze mmodzimmodzi pansi pa mtengo.

Bambo a ku Bua, pa za mjigo ndili nanu limodzi, ndipo palibe mayi amene amalakalaka ndowa ya pamutu. Koma ndikuuzeni zimene ndaona kwa anzanga amene madzi anafika pakhomo ndipo geni ikuyenda. Nthawi imene inapulumuka ija sinapite ku mpumulo wokha, yapita ku kukhala pa benchi ya malonda, ndipo angapo mwa iwo lero akumwa mankhwala a BP tsiku lililonse. Choncho mjigo ndi bwalo zisapikisane, chifukwa zikuthandiza mayi mmodzi yemweyo pa misinkhu iwiri ya moyo wake.

Pa za bwalolo, alembi, mukalembe momveka kuti la ntchemberembaye likhale lakelake. Pamene bwalo lili limodzi, anyamata a mpira wamiyendo amalitenga madzulo aliwonse, ndipo atsikana amauzidwa kuti adikire mpaka mdima. Pakhale chimbudzi chotsekeka, pakhale mitengo ya mthunzi, poganiziranso abale athu achialubino amene dzuwa limawononga khungu lawo, ndipo njira yofikira pamalopo ikhale yoti wa njinga ya olumala adutse. Amayi oyembekezera asasalidwe, pakuti malangizo a WHO omwe aja amati nawonso, ngati alibe vuto limene achipatala awachenjeza, azichita zotenthetsa thupi pang'ono kwa mphindi 150 pa sabata, ndipo uthenga umenewu ukhoza kuperekedwa ku sikelo.

Mlembi wa ADC, Salima

Zikomo kwambiri nonse. Za misewu ikuluikulu sizili m'manja mwa komiti yathu, ngakhale kuti tikhoza kulemba pempho kudzera ku khonsolo ndi kwa phungu wathu. Chimene chandigwira mtima ndi nkhani ya mabwalo, chifukwa imeneyo ili m'manja mwa mafumu amene ndimakhala nawo pa msonkhano. Kodi alipo amene angandiuze kukula kwa malo amene tiyenera kupempha, ndi njira yowatetezera kuti zisadzachitike zimene aphunzitsi afotokoza?

Woyeza malo wopuma pa ntchito, Salima

Alembi, bwalo la mpira wamiyendo la akuluakulu limakhala pafupifupi mamita 100 m'litali ndi 64 kapena kuposerapo pang'ono m'lifupi, pamene la ntchemberembaye ndi mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi. Mukapempha hekitala imodzi, imene ndi mamita 100 mbali zonse kapena maekala awiri ndi theka, mabwalo awiriwo alowa koma mopanikizana, ndipo simutsala malo kumbuyo kwa magolo. Ndi bwino kupempha maekala atatu kapena kuposerapo, kuti mupeze poika chimbudzi, mitengo imene mayi a ku Senga Bay anena, ndi kanjira kozungulira bwalo kamene akuluakulu angamayendemo ndawala madzulo osakumana ndi galimoto. Musasankhe dambo chifukwa choti palibe akulifuna, pakuti kuno madzi amadikha ndipo bwalolo lidzakhala thamanda kuyambira Januwale mpaka Epulo.

Pa za chitetezo, mawu a pakamwa a mfumu ndi olemekezeka koma amatha mfumuyo ikamwalira, ndipo adzukulu a amene anapereka malowo amadzabwera n'kunena kuti agogo anangobwereketsa. Malamulo a malo a 2016, makamaka lokhudza malo a makolo ndi lokhudza mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo, amapereka mpata woti malo ogwiritsidwa ntchito ndi anthu onse azindikiridwe ndi kulembedwa. Yambani ndi msonkhano wa pa malo pomwepo, pakhale nyakwawa, gulupu, banja limene likupereka malowo, eni minda yoyandikana nayo ndi komiti ya sukulu ngati ndi bwalo la sukulu. Muyende malire onse pamodzi, mulembe zimene mwagwirizana, aliyense asaine kapena kudinda chala, ndipo mfumu yaikulu idinde chidindo chake. Kenaka pitani ndi pepalalo ku ofesi ya za malo ku khonsolo kuti akuuzeni njira yoyezera ndi kulembetsa. Podikira zimenezo, kwirirani zipilala za simenti m'ngodya zinayi ndipo mudzale mitengo m'malire, chifukwa mzere wa mitengo ndi wovuta kuusuntha usiku kusiyana ndi chikhomo.

M'ndondomekomo mulembenso dzina la komiti imene idzayang'anire bwalolo ndi kumene kudzachokere ndalama zochepa za chaka ndi chaka, zotchetchera udzu mvula ikatha, zosinthira mitengo ya magolo imene chiswe chadya, ndi zogulira mabatire a makina a BP. Ndalama za chitukuko, monga za thumba la chitukuko cha m'dera la phungu (CDF), kawirikawiri zimalipira kumanga osati kusamalira, choncho mbali imeneyi muikambirane ndi magulu amene adzagwiritse ntchito bwalolo musanapite ku khonsolo.